Nkhawa si kuzipangitsa abale

Koma abale tisiye zomauza ana kuti "limba mtima iwe" akati m'mutu simuli bwino. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati pa achinyamata 7 aliwonse azaka 10 mpaka 19, m'modzi ali ndi vuto la m'maganizo, ndiye tangoganizani mukalasi imodzi yokha muli angati ongokhala duu.

Nkhawa ikamugwira munthu thupi limatulutsa adrenaline (mankhwala a m'thupi okonzekeretsa munthu kuthawa kapena kulimbana ndi choopsa) ngati waona chilombo pomwe palibe kanthu, mtima phaphapha, m'manja thukuta, mpweya kubanika mpaka mwana kumaona ngati basi akufa, chonsecho mwina ndi mayeso chabe kapena meseji yomwe sanamuyankhe. Zimafika pachimake mphindi zochepa kenako zimatsika zokha.

Iwe wachinyamata zikakupeza koka mpweya pang'onopang'ono, poutulutsa uchedwe kuposa pokoka. Khofi uchepetse, amangoonjezera kugunda kwa mtimako. Foni nayo eish, 2 koloko usiku uli maso kuonerera moyo wa anzako pa Instagram, tulo ungatipeze kuti? Zikatenga masabata osagona osadya, uza wamkulu amene umamukhulupirira akuperekeze kuchipatala, uphungu ndi mankhwala zilipo. Maganizo odzipha akabwera usadikirenso mawa, nena tsiku lomwelo.