Zikomo nonse amene munagwira dzanja ana athu m'teremu yawo yoyamba ku Manchester

Amayi, abambo, azakhali ndi amalume a kuno ku Manchester, tikuoneni nonse. Teremu yoyamba yatha. Ana athu amene anatsika ndege mu September apereka zimangirizo zawo zoyamba, palibe amene wathamangitsidwa m'nyumba, palibenso amene walongedza kuti abwerere kumudzi. Ife amene tinawatsogolera pa maphunziro a zolembedwa za Chingerezi tati tisangokhala duu ngati kuti zinachitika zokha. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo inu mwachitadi zomwezo. Mayina sitilemba, mukudzidziwa. Koma titchula chimene aliyense anachita, chifukwa obwera chaka chamawa adzafunanso zomwezi.

Tiyambe ndi inu amalume amene munakhala pansi usiku ndi magalasi anu n'kuwerenga mgwirizano wa nyumba tsamba ndi tsamba ana asanasaine. Nyumba zambiri za ana asukulu ku Fallowfield, Rusholme ndi Withington zimabwereketsedwa pa mgwirizano umodzi wa onse okhalamo. Tanthauzo lake n'lakuti mmodzi akathawa kapena akalephera kulipira, landilodi ali ndi ufulu wofuna lendi yonseyo kwa otsalawo. Mwana wa zaka 19 amangoona kuti chipinda chili ndi windo lalikulu, za ngongole ya mnzake saganizako. Munawauzanso kuti ku England, pa nyumba zambiri, dipoziti siyenera kupitirira lendi ya masabata asanu, ndipo landilodi ayenera kuisungitsa pasanathe masiku 30 ku limodzi mwa mabungwe atatu ovomerezeka, Deposit Protection Service, mydeposits kapena Tenancy Deposit Scheme, n'kupereka chikalata chake kwa alendi. Amene ali m'mahositelo a yunivesite malamulo awo ndi ena, choncho asamatengere za anzawo.

Malangizo a tsiku lolowa aja anali agolide. Musanamasule sutikesi, jambulani zonse pafoni: matiresi mbali zonse ziwiri, kapeti pamene panapsa ndi ayironi, m'kati mwa uvuni, khoma la kuseri kwa bedi, ndi manambala a pa mita ya magetsi ndi ya gasi. Zithunzizo zitumizidwe kwa landilodi pa imelo tsiku lomwelo kuti deti lake lioneke. Mu June, pofuna dipoziti, mkangano umakhala pa banga limene munalipeza kale, ndipo wopanda chithunzi ndiye amaluza. Funsaninso chikalata chosonyeza kuti zida za gasi zinayezedwa, chifukwa ziyenera kuyezedwa chaka chilichonse. Ngati m'nyumbamo muli anthu asanu kapena kuposa amene si a banja limodzi, nyumbayo iyenera kukhala ndi laisensi ya khonsolo. Za msonkho wa khonsolo, mwana wasukulu wophunzira nthawi zonse salipira, koma khonsoloyo siidziwa zimenezi mwa ula. Pamafunika kalata yochokera ku yunivesite, apo ayi mabilu amangobwera.

Inu amene munavomera kukhala guarantor, kutanthauza wolonjeza kulipira lendi mwana akalephera, wa mwana amene simunabereke, mawu atichepera. Si nkhani yamasewera, chifukwa pa mgwirizano wa onse pamodzi mukhoza kufunsidwa lendi ya nyumba yonse ngati chikalatacho sichinanene kuti mukuimira gawo la mwana mmodzi yekha.

Tsopano kukhitchini, kumene ubwenzi umamangidwa kapena kuphwasuka. Zikomo azakhali amene munabweretsa mapoto, mthiko ndi chipande. Mahositelo ena ali ndi zitofu za induction, ndipo mpoto wa aluminiyamu wa kwathu suwira pamenepo ngakhale mutadikira mpaka mawa. Chitofucho chimatenthetsa mpoto wokhawo umene pansi pake pamamata maginito. Choncho kuyesa n'kosavuta: tengani kamaginito ka pa chitseko cha firiji, kakamata, mpotowo ugwira ntchito. Chitofuchi chimatenthanso msanga kwambiri, ndiye phala likayamba kuwira chepetsani moto musanayambe kuvundula, apo ayi pansi papserera nsima isanapse. Mukatha kuomola, thirani madzi mumpoto nthawi yomweyo ndipo mutsuke usiku womwewo. Mpoto wa makoko ukagona masiku awiri musinki ya anthu asanu ndi mmodzi, gulu la WhatsApp la m'nyumbamo limayamba kulankhula mokuluwika.

Usipa ndi wokoma, koma fungo lake lokazinga limalowa m'makatani ndi m'majekete a anzanu. Yatsani fani ya pamwamba pa chitofu musanathire mafuta, tsegulani windo, ndipo chitseko cha khitchini chikhale chotseka. Chitseko cholemera chimene chimadzitseka chokhacho n'chotchinga moto, ndipo mukachitsekereza ndi mpando utsi umafika pa alamu ya mukhonde, nyumba yonse n'kutuluka panja m'mabulangete. Kuphimba alamu ndi sokosi ndi mlandu wolipitsa. Njira ina imene yathandiza ndi yophika mokwanira n'kupatsako anzanu mbale. Munthu amene walawa sadandaula kwambiri.

Chuku chakuda chimene chimamera m'makona a zipinda mu November chimabwera chifukwa cha chinyezi cha m'nyumba momwemo: mpweya wopuma, nthunzi ya kubafa ndi zovala zoyanika pa chotenthetsera m'chipinda chotsekedwa. Nthunziyo ikakhudza khoma lozizira imasanduka madzi. Tsegulani windo kwa mphindi khumi m'mawa ngakhale kukuzizira, bedi ndi wadiropu zitalikireko khoma pang'ono, ndipo chuku chikangooneka muuzeni landilodi molemba. Chotonthoza chimodzi n'chakuti mapulagi a kuno ndi a mano atatu omwe aja a ku Malawi, ndiye amene anagula adaputala pabwalo la ndege anangotaya mapaundi.

Zikomo amayi amene munkaimba foni Lamlungu madzulo mawotchi atabwezedwa m'mbuyo kumapeto kwa October. Mu December kuno 4 koloko masana kumakhala kutada kale, ndipo kumudzi amakhala atatsogola ndi maola awiri. Nthawi imeneyo ndi imene mwana amayamba kujomba. Munakumbutsanso za kulembetsa kwa dokotala wa m'dera asanadwale, ndi za malire a maola 20 pa sabata ogwira ganyu pa viza ya sukulu m'kati mwa teremu.

Tibwere ku chimene anadzera. Ambiri a ife tinakumana ndi Macbeth kapena Romeo and Juliet ku MSCE, ndipo tinkayesa kuti tikumudziwa Shakespeare. Phunziro la zolembedwa za nyengo ya Renaissance limayambira kutali kuposa pamenepo, ku Italy, kwa Petrarch amene anamwalira mu 1374, ndi ndakatulo zake 366, zambiri mwa izo zodandaulira mkazi wotchedwa Laura. Thomas Wyatt ndi Earl of Surrey ndi amene analowetsa mtundu wa ndakatulo wotchedwa soneti m'Chingerezi m'nthawi ya Henry VIII, ndipo ndakatulo zawo zinasindikizidwa mu 1557 m'buku limene timalitcha Tottel's Miscellany, onse awiri atamwalira kale. Kenako pamabwera Philip Sidney, Edmund Spenser, Christopher Marlowe, John Donne. Achimwene ndi achemwali a chaka chachitatu amene munkakhala ndi anawa mulaibulale Lachitatu masana, chimene munachita chachikulu n'kuwaletsa kuloweza nkhani ya sewero. Kuno safunsa kuti anapha ndani. Amakupatsa mizere 14 n'kunena kuti ufotokoze m'mawu 1,500 chimene mizereyo ikuchita.

Soneti ili ndi mizere 14, koma kamangidwe kake ndi kawiri. Ya Petrarch imagawika pa 8 ndi 6, ndipo maganizo amatembenuka poyamba mzere wa 9. Ya Shakespeare ili ndi zigawo zitatu za mizere inayi-inayi ndi mizere iwiri yotsekera, ndipo kutembenuka kuja nthawi zina kumachedwa mpaka mzere wa 13. Choyamba ndiye kulemba a, b, c kumapeto kwa mizere kuti muone amene akumveka mofanana. Chachiwiri n'kusaka liwu lakuti but kapena yet. Pamene pali liwulo ndi pamene chimangirizo chanu chiyambire.

Chimene chimavuta kwambiri ife olankhula Chichewa ndi kamvekedwe ka mzere, kaja amati iambic pentameter. Mzere umakhala ndi maphatikizo khumi, lofooka kenako lotsindika, kasanu. Kuwerenga maphatikizo sitivutika nako, paja tinakulira ba-be-bi-bo-bu. Vuto n'lakuti Chichewa chimapatsa phatikizo lililonse nthawi yofanana, n'kukokako pang'ono lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe Chingerezi chimagunda ena n'kumeza ena. Tikawerenga ndi lilime la kwathu mzere wonse umamveka wosalala, ndiye sitimva pamene mlakatuli wathyola dala lamulo. Njira imene munawaphunzitsa inagwira: kuwerenga mokweza uku akugogoda tebulo, kulemba kachizindikiro pamwamba pa phatikizo lililonse lotsindika, ndipo mawu okayikitsa kuwayang'ana mudikishonale. Mzere ukaperewera phatikizo limodzi, onani ngati -ed wa kumapeto kwa mneni sakuyenera kutchulidwa payekha. Ukapitirira, mwina mawu monga heaven akutchulidwa ngati phatikizo limodzi.

Koma pali pamene ana athu anawasiya anzawo m'mbuyo, ndipo tikuthokoza aphunzitsi amene anawapatsa mpata wofotokoza m'kalasi. Ndi pa thou ndi you. Anzawo obadwira kuno amayesa kuti thou ndi mawu aulemu chifukwa Baibulo la King James la 1611 limatero kwa Mulungu. Zoona zake n'zakuti m'masewero a nthawi imeneyo thou ndi iwe, you ndi inu. Bambo amati thou kwa mwana, mwana n'kuyankha you. Okondana akafika pogwirana dzanja amasamukira ku thou, ndipo wofuna ndewu amatero dala kwa munthu woyenera ulemu. Mu Twelfth Night, Sir Toby amalangiza Sir Andrew kuti agwiritse thou m'kalata yoputira mnzake kuti amunyoze. Munthu amene anakulira m'nyumba imene kunena "iwe" kwa apongozi kungaitanitse ankhoswe safunika kuuzidwa kawiri. Tengani pensulo, zungulizani thou ndi you aliyense m'chigawo cha sewero, muone pamene munthu mmodzi wasintha. Nthawi zambiri pamenepo pali mkwiyo kapena chikondi chimene mawu enawo akubisa. Sande sukulu nayonso yawathandiza: nkhani ya Yobu, ya mwana wolowerera ndi ya Kaini alembi a nthawiyo amangoikhudza pang'ono poyesa kuti aliyense akuidziwa.

Mawu ooneka odziwika ndi amene amapusitsa. Presently ankatanthauza nthawi yomweyo, still kawirikawiri ankatanthauza nthawi zonse, fond anali wopusa, wherefore ndi chifukwa chiyani. Oxford English Dictionary, imene laibulale imapereka pa intaneti, imaonetsa tanthauzo limene liwu linali nalo m'chaka chimenecho. Zikomo ogwira ntchito mulaibulale amene munaonetsa anawa Early English Books Online, nkhokwe ya pa intaneti ya mabuku akale a Chingerezi, ndi kuwachenjeza kuti chilembo chooneka ngati f chopanda mzere wonse wopingasa ndi s wamtali, ndiponso kuti u ndi v, i ndi j zinkasinthana.

Inu amene munapereka mabuku anu akale, zikomo, koma apa tichenjezane. Buku lotchipa lopanda mawu ofotokozera m'munsi limasokoneza, ndipo nthawi zina si lomwelo n'komwe. Doctor Faustus ya Marlowe ili mitundu iwiri, ya 1604 ndi ya 1616 yotalikirapo. Hamlet ili itatu: ya 1603 yaifupi kwambiri, yachiwiri imene inatuluka posakhalitsa, ndi ya mu First Folio ya 1623, buku loyamba losonkhanitsa masewero a Shakespeare. Mwana akagula mtundu wina, mizere imene aphunzitsi akutchula saipeza. Gulani umene walembedwa pa ndandanda ya phunziro, kaya ndi Arden, Oxford kapena Norton, ndipo potchula mawu a m'sewero lembani gawo, chigawo ndi mzere, monga 3.1.56, osati nambala ya tsamba. First Folio yeniyeniyo, ya masewero 36, ilipo imodzi ku John Rylands Library pa Deansgate pompano. Pakanapanda buku limeneli Macbeth wathu wa ku sekondale uja mwina sitikanamudziwa, chifukwa anali asanasindikizidwepo.

Makolo a kumudzi, tikukuthokozani chifukwa cha sukulu fizi ndi mapemphero, ndipo tikupemphani chinthu chimodzi. Mwana akakuuzani kuti wapeza 62, musamukalipire. Kuno kukhoza kumayambira pa 40, kuyambira 60 mpaka 69 ndi bwino ndithu, ndipo 70 ndiye pamwamba penipeni. Pa chimangirizo choyamba 62 ndi wophera nkhuku.

Sukulu ikutsegulira mu January, ndipo olembetsa nyumba ayamba kale kugogoda za chaka chamawa n'kumanena kuti zipinda zikutha. Anawa asasaine chilichonse amalume asanawerenge, ndipo asasankhe wokhala naye asanaone mmene amasiyira sinki. Azakhali, mapoto anu awiri aja akadali ku Fallowfield. Tawapempha kuti akhale nawo mpaka June.