Za ku Liwonde: mamba kapena mafuta?

Gulu lathu la aphunzitsi a sayansi linapita ku Liwonde National Park mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nkhalangoyi akuiyang'anira a bungwe la African Parks kuyambira 2015. Za njovu ndi mvuu anzanga anena okha. Ine ndifotokoza mkangano umene unabuka tili m'boti pa Shire.

Ng'ona zinali ngundangunda pamchenga, kukamwa kuli yasa, ndipo ng'azi ina inkakwawa mphepete mwa bango. Bambo wina anafunsa kuti: bwanji nyamazi siziuma padzuwa lotere, pomwe chule ukamusiya pamtetete sachedwa kuuma gwa? Ambiri anayankha msanga kuti ndi mamba.

Amayi ena achikulire, omwe aphunzitsa kwa zaka zambiri, anapukusa mutu. Mamba, iwo anatero, ntchito yake ndi kuteteza ku minga, miyala ndi mano a adani. Chotchinga madzi kwenikweni ndi mafuta ochepa kwambiri okhala pakati pa maselo a khungu, monga matope amamatira njerwa. Mu 1980 akatswiri awiri a sayansi, Roberts ndi Lillywhite, anachotsa mafutawa ndi mankhwala pa khungu lofundula la njoka, ndipo madzi anayamba kudutsa mowirikiza kangapo, mamba ali chikhalire.

Apa m'pamene nkhani inakoma. Chule amapumira pakhungu, choncho khungu lake liyenera kukhala lopyapyala ndi lonyowa, ndipo mazira ake amaikira m'madzi. Zaka pafupifupi 320 miliyoni zapitazo kunabwera nyama zoikira mazira pamtunda, makolo a zokwawa, mbalame ndi nyama zoyamwitsa. Dzira lokha silikanakwanira. Pankafunikanso khungu losataya madzi. N'chifukwa chake mafuta a mtundu womwewo, kolesterolo ndi ceramide, ali pa njoka, ali pa nkhuku, alinso pa mkono wanu. Sopo waukali akawasukuluza, khungu limatuwa n'kuyamba kung'aluka.

Chondiseketsa n'chakuti ng'ona yomwe inayambitsa mkanganoyo si katswiri pa nkhaniyi. Imataya madzi pakhungu kuposa abuluzi a m'chipululu, poti mtsinje uli pakhomo.

Pobwerera kudoko amayi aja anawonjezera kuti mafutawa amanyamulanso uthenga. Ku Manitoba, m'dziko la Canada, njoka zamphongo zotchedwa garter zimazindikira yaikazi ponyambita ndi lilime mafuta a pakhungu lake.

Pa chakudya chamasana tinagwirizana kuti mutu wa khungu tisamauphunzitsenso ndi chojambula cha pabolodi chokha. Khungu lofundula la njoka limapezeka m'mipanda ndi m'miyala kumudzi kulikonse, ndipo ana angathe kuliona ndi galasi lokulitsa zinthu. Bambo anafunsa funso aja sanagonje kwenikweni. Akuti ulendo wotsatira tikaone fulu, tidzawauze ngati chigoba chonsecho chilibe gawo.