Firiji ya m'labotale ndi funso la mwana wa mlongo wanga

Lamlungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi ku Highfield muno mu Harare, likulu la Zimbabwe, mwana wa mlongo wanga amene akumaliza digiri yake yachiwiri pa za tizilombo toyambitsa matenda anandikokera pambali nandifunsa kuti, "Amalume, inu mwakalambira m'labotale, kodi n'chiyani chimene chimasowa kuti mayunivesite athu a kuno ndi a kwathu ku Malawi akhale m'gulu la mayunivesite otchuka pa kafukufuku?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa anzathu a bungwe la maliro anali kutidikira pansi pa mtengo, koma funsolo landisowetsa mtendere sabata yonse, makamaka podziwa kuti mtsikanayu wapeza malo okachita digiri ya udokotala kunja ndipo akusinkhasinkha ngati n'kwanzeru kudzabwereranso.

Bambo anga anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 ndipo anagwira ntchito ya m'dimba ku Mount Pleasant, dera lina la mzinda uno, moti anaona ndi maso awo makoma a koleji yoyamba ya dziko lino akukwera. Ankakonda kunena, mwina moseka mwina modandaula, kuti dzina la dziko lawo linali pachipata ngakhale kuti iwo sakanatha kulowamo ndi buku m'manja. Sukuluyo inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland, inalandira chikalata chake chachifumu mu 1955, ndipo inayamba kuphunzitsa ku Mount Pleasant mu 1957 ndi ophunzira 68 okha. Madigiri ake anali a University of London, monga zinalilinso ku makoleji a Makerere ku Uganda ndi Ibadan ku Nigeria pa nthawiyo, ndipo sukulu ya zaudokotala itatsegulidwa mu 1963 inalumikizidwa ndi University of Birmingham. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti mgwirizano umenewu unabweretsa chinthu chimene njerwa sizingabweretse: mayeso ankayang'anidwa ndi akatswiri akunja amene analibe m'bale kapena mnzawo woti amukondere, choncho digiri ya kuno inkalemekezedwa kulikonse. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu 1963, Malawi anakhazikitsa yunivesite yakeyake mu 1964, ndipo ya kunoyi inasintha mayina mpaka kukhala University of Zimbabwe mu 1980.

Yankho langa lenileni kwa mtsikanayu likuchokera pa zimene ndinaona mu 2008, pa labotale ina ya muno mu Harare imene ndinkagwirako ntchito yokonza zipangizo ndi kusunga zoyeza. Tinali ndi firiji yaikulu imene imazizira mpaka madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo m'kati mwake munali timabotolo ta magazi tosawerengeka, totengedwa kwa amayi ndi makanda awo m'zipatala zazing'ono za m'makomboni kwa zaka zingapo. Kabotolo kalikonse kanali ndi nambala imene ndinalemba ndi dzanja langa. Lachisanu lina magetsi anazima, jenereta inalira mpaka dizilo atatha, ndipo ndalama imene inavomerezedwa Lolemba kuti tigulire dizilo wina inali itasanduka mapepala pofika Lachisanu, popeza mitengo inkakwera kangapo pa tsiku. Nditafika Lolemba m'mawa ndinapeza madzi atayenderera pansi mpaka pakhomo, ndipo nditatsegula chitseko cha firiji ndinamva mpweya wofunda kumaso m'malo mwa chifunga chozizira chimene ndinachizolowera. Mayi amene ankatsogolera kafukufukuyo anaima pambali panga osalankhula kwa nthawi yaitali, kenaka anangoti, "Bambo, tsekani, palibe chotsala." Miyezi ingapo pambuyo pake anapita kukagwira ntchito kunja, ndipo ophunzira atatu amene ankawayang'anira anabalalika ngati anapiye ofedwa make.

Nyumba ya labotaleyo inali yokongola ndipo ikadalipo mpaka lero. Chimene chinatayika ndi ntchito ya zaka zambiri, munthu mmodzi wodziwa, ndi ana atatu amene akanadzaphunzitsa ena. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva akuluakulu akulonjeza yunivesite yapamwamba n'kumaonetsa chithunzi cha nyumba zosanjikizana, ndimafuna kuwafunsa kuti amene adzagule dizilo pa Lachisanu madzulo ndi ndani.

Mbiri ya mayunivesite akuluakulu a kafukufuku imagwirizana ndi zimene firiji ija inandiphunzitsa. Ganizo loti mphunzitsi wa pa yunivesite azikhalanso wofufuza zinthu zatsopano, ndipo wophunzira aziphunzira pogwira naye ntchito, linakhazikika ndi yunivesite ya ku Berlin imene Wilhelm von Humboldt anathandiza kuyambitsa mu 1810. Aamerika analitengera mu 1876 potsegula Johns Hopkins ku Baltimore, ndipo mtsogoleri wake woyamba, Daniel Coit Gilman, anayamba ndi kusaka akatswiri ochepa odziwadi ntchito n'kuwalipira bwino, sukuluyo ili m'nyumba wamba za m'tauni. Dziko la South Korea, limene silinali lolemera pa nthawiyo, linakhazikitsa bungwe la kafukufuku la KIST mu 1966 n'kuitana asayansi ake amene anali kunja powapatsa malipiro oposa a aphunzitsi ena a m'dzikolo, ndipo mu 1971 linatsegula sukulu imene lero imatchedwa KAIST. Masiku ano dzikolo limaika ndalama zoposa 4 peresenti ya chuma chake chapachaka pa kafukufuku, pamene mayiko a mu Africa anagwirizana kalekale za 1 peresenti yokha, ndipo ambiri sanafikepo. Ndalama zokha zimathanso kufulumizitsa zinthu, monga anachitira a ku Saudi Arabia potsegula yunivesite ya KAUST mu 2009 ndi thumba la madola mabiliyoni ambiri, koma njira imeneyo si yathu ndipo sindiona chifukwa chotayira nthawi poisirira.

Za mindandanda yosanja mayunivesite kuyambira opambana kwambiri, ndili ndi maganizo amene anzanga ena sagwirizana nawo. Mndandanda wa ku Shanghai, umene unayamba mu 2003, umawerenga zinthu monga mphoto za Nobel ndi nkhani zofalitsidwa m'magazini a Nature ndi Science, ndipo unapangidwa kuti dziko la China liziona mtunda umene mayunivesite ake atsala nawo, litayamba kale kuthira ndalama zambiri m'masukulu ochepa osankhidwa kudzera mu Project 985 ya mu 1998. Muyeso umenewu ndi wothandiza kwa eni ake. Kwa ife, kuuthamangira kuli ngati kudula phazi kuti likwane nsapato ya mnzako, chifukwa mtsogoleri wa yunivesite amene akufuna kukwera pa mndandanda amayamba kukakamiza aphunzitsi kulemba nkhani zambirimbiri zopanda mchere, zina n'kumazilipirira m'magazini achinyengo a pa intaneti, m'malo mowapatsa nthawi yofufuza chinthu chimodzi mpaka chitapsa.

Chonsecho zitsanzo za kafukufuku wapamwamba tili nazo pakhomo pathu pompano. Mbewu ya chimanga ya SR52, imene inatulutsidwa mu 1960 pa malo a kafukufuku wa zaulimi muno mu Harare, inali haibulidi yoyamba ya mtundu wake kulimidwa pa malonda pa dziko lonse, ndipo ntchito yobereketsa chimanga imene inabala mbewuyo inayamba mu 1932. Zaka 28 zinapita anthu akusankha ngala, kulemba m'mabuku ndi kubzalanso, boma likulipira osatopa. Ndikudziwa kuti mbewuyo inakonzedwera alimi achizungu a minda ikuluikulu, ndipo manja ambiri amene ankapalira mindayo anali a makolo athu ochokera ku Nyasaland, koma phunziro la kuleza mtima kwa ndalama likadalipo. Ku Mbare, komboni ya muno mu Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito ya Friendship Bench, imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, matenda amene Ashona amawatcha kufungisisa. Ntchitoyi inayesedwa mwa njira zonse za sayansi, zotsatira zake zinafalitsidwa m'magazini ya zaudokotala ya JAMA mu 2016, ndipo lero mayiko ena akuitengera. Ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyeso woonera kukomoka kwa mwana wodwala malungo aakulu umene madokotala a m'mayiko ambiri amautchula ndi dzina la mzindawo, ndipo komweko ana pafupifupi 28,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi kuyambira mu 2018. Ntchito zonsezi zinayamba ndi vuto la anthu a pamalopo, zinatenga zaka, ndipo zinali ndi anthu amene anakhala pamalo amodzi osathawa.

Pali chinthu chimodzi pa zitsanzo za zaumoyozi chimene chimandiwawa. Ndalama zambiri zoyendetsera kafukufuku wotere zimachokera kunja, choncho funso lofufuzidwa nthawi zambiri limasankhidwa ndi mwini thumba, ndipo thandizolo likatha pakapita zaka zitatu kapena zisanu, gulu lonse limabalalika. Mwana wa dziko lino, Sikhulile Moyo, anali m'gulu la oyamba kuzindikira mtundu wa Omicron wa kachilombo ka korona mu Novembala 2021, koma anachita zimenezi ali mu labotale ya ku Gaborone, m'dziko la Botswana. Nzeru inali yathu, koma makina, magetsi odalirika ndi malipiro zinali za ena.

Ndikanakhala ndi mpata wolankhula ndi amene amagawa ndalama za maphunziro ku Harare ndi ku Lilongwe, ndikanawauza kuti kuchulukitsa mayunivesite ndi kumanga yunivesite ya kafukufuku ndi ntchito ziwiri zosiyana. Zimbabwe ili ndi mayunivesite a boma m'zigawo zonse, ndipo Malawi anagawa University of Malawi mu 2021 n'kutulutsamo mayunivesite ena awiri, KUHeS ndi MUBAS. Zimenezi zathandiza ana ambiri kupeza malo, ndipo sindingazinyoze ine mwana wa munthu wa m'dimba amene sanapeze mwayi wotero. Koma nsima ya anthu asanu ikagawidwa kwa anthu makumi awiri palibe amene amakhuta, ndipo mphunzitsi amene ali ndi ophunzira mazana angapo m'kalasi, wolemba yekha mayeso ndi kuchonga yekha, amene madzulo amathamangira ganyu kuti alipire lendi, sangafufuze kanthu. Dziko losauka liyenera kulimba mtima n'kusankha magawo ochepa, monga matenda a kuno, mbewu zopirira chilala, madzi ndi migodi, n'kuwapatsa ndalama zosadukiza kwa zaka 20, kuphatikizapo malipiro a anthu ngati ine amene timakonza makina, chifukwa makina a mtengo wapatali ogulidwa ndi opereka thandizo ndawaona ataphimbidwa ndi nsalu kwa zaka chifukwa chosowa kachipangizo kamodzi kokwana m'thumba la malaya. Liyeneranso kusiya wofufuza kuti afunse chimene akufuna, pakuti tonse tikukumbukira mmene maphunziro anaimira kwa miyezi yambiri ku Chancellor College mu 2011, mphunzitsi wa zandale ataitanidwa ndi mkulu wa apolisi kuti akafotokoze zimene ananena m'kalasi.

Dzulo ndinamuimbira foni mwana wa mlongo wanga n'kumuuza kuti apite akaphunzire, ndipo akafika kumeneko asangochita chidwi ndi mapulofesa, koma akacheze ndi munthu amene amasamala mafiriji, akafunse kuti ndalama yogulira mankhwala a m'labotale imadutsa m'manja angati isanatuluke, ndiponso kuti zimatenga masiku angati katundu woitanitsa asanafike. Anaseka n'kunena kuti, "Amalume, inu ndi firiji yanu ija simudzasiyana." Labotale imene ndimathandizako masiku ano ili ndi magetsi a dzuwa ndi mabatire, ndipo firiji ikayamba kufunda imatumiza uthenga pa foni yanga. Mwezi wathawu uthengawo unalira cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo ndinadzuka n'kudzutsa mnansi wanga amene ali ndi galimoto kuti andiperekeze.