Loweruka: kukaona gitala ku Chibavi

Mzuzu yadzuka ndi kamvula kake kowaza, koma alamu anga sanandilole kukhala m'bulangeti. Mkulu wina wobwera ku Joni akugulitsa gitala ya nsambo za nayiloni, ati yopangidwa pamanja ku Spain, ndipo mtengo wake ungagule njinga yamoto yakale. Alamu anali atakopeka kale ndi kunyezimira kwa vanishi.

Ine vanishi sindiwerengera. Ndinayambira m'mphepete mwa bowo lozungulira la pamimba pa gitala lija. Thabwa la pamwamba likakhala lenileni, la spruce kapena cedar, mizere ya mtengo imatsetsereka mpaka m'kati osaduka. Likakhala pulayiwudi umaona timagawo tosanjikizana. Apa mizere inatsika bwinobwino, yothithikana. Thabwa limeneli ndiye mwini mawu. Antonio de Torres, mmisiri wa ku Almería amene anakhazikitsa kapangidwe ka gitala zamtunduwu, mu 1862 anapanga ina ya msana ndi m'mbali za mapepala oumba, dala, kuti anthu amve okha kumene mawu amachokera.

Kenako ndinalowetsa kagalasi m'bowomo, n'kuunika ndi tochi ya foni. Timitengo tochirikiza thabwa tinali 7, toyala motambasuka, tosemedwa mosalala, popanda guluu wotayikira. Amene anagwira ntchito imeneyi sanali pachangu. Pepala la dzina lomatidwa m'katimo sindinalilabadire, poti pepala aliyense angamate.

Mavuto anali pakhosi. Pa fret ya 12 (mafret ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala), nsambo yaikulu imayenera kutalikirana ndi kachitsuloko pafupifupi mamilimita 4, yaing'ono 3. Rula inaonetsa pafupifupi 7. Kumbuyo kwa kathabwa komangapo nsambo, ngodya ya pepala inalowa mosavuta: kayamba kumatuka. Timipukutu toyera tokungira nsambo tinali tokandikakandika.

"Bambo, munaikapo nsambo zawaya?" ndinafunsa.

Anakanda mutu. "Ana ndi amene anaika, zanayiloni zitasowa."

Nsambo zawaya zimakoka mwamphamvu kwambiri, ndipo gitala zambiri zotere zilibe chitsulo cholimbitsa m'khosi. Zimapinda khosi, zimatukumula thabwa. Chinyezi chathu chino cha Mzuzu nacho sichithandiza.

"Koma alamu, ikulira bwinotu!" Zoona, ikulira. Ndinakhudza nsambo yoyamba kukwera nayo khosi lonse, mawu ali mbee, osafera msanga; zazikulu zikugunda mpaka pamimba. Kungoti pofika pamwamba zala zimapweteka, ndipo mawu amakwera kupitirira malo ake chifukwa nsambo ikukanikizidwa kuchokera kutali. Wophunzira angaitaye mwezi usanathe.

Ndinanong'oneza alamu kuti atchule theka, popeza kuwongola khosi si ntchito ya kalipentala wa mipando, ndipo mmisiri wake ngwosowa. Mkuluyo anaseka, n'kuibwezera m'chikwama chake, ati tiimbirane Lolemba. Alamu sanandiyankhule mpaka pa Katoto.