Kuyerekezera mvula ya ma muon pa thambo la Mzuzu

Kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikuphunzira za cheza chochokera kutali mumlengalenga, chimene asayansi amachitcha cosmic rays. Dzinali limasocheretsa pang'ono, chifukwa chimene chimabweracho si kuwala ayi, koma tizidutswa tothamanga kwambiri, ndipo pa tizidutswa 100 tilitonse pafupifupi 90 ndi ma proton, tizidutswa tija timapezeka m'phata la atomu iliyonse. Wasayansi Victor Hess ndiye anasonyeza mu 1912 kuti chezachi chimachokera kumwamba, atakwera m'baluni kupitirira mamita 5,000 n'kupeza kuti chikuchulukirachulukira pamene iye akukwera.

Proton ikalowa mumpweya wa dziko lathu, imagunda phata la atomu ya nayitrojeni kapena okosijeni pamtunda wa makilomita pafupifupi 15 m'mwamba, ndipo pamenepo pamabadwa tizidutswa totchedwa ma pion. Ena mwa ma pion amagundanso maatomu ena, ena amasweka n'kukhala ma muon, tizidutswa tofanana ndi ma elekitironi koma tolemera kuposa iwo, motero kachidutswa kamodzi kamabala mvula yathunthu. Muon ndiyo inandigwira mtima. Moyo wake ndi mamaikurosekondi 2.2 okha (maikurosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi), nthawi yoti ngakhale itathamanga ngati kuwala ikanangoyenda mamita pafupifupi 660, komabe imafika pansi chifukwa nthawi imayenda pang'onopang'ono kwa chinthu chothamanga chotero, monga anafotokozera Einstein. Pafupifupi muon imodzi imadutsa pachikhatho cha munthu sekondi iliyonse, ndipo sindibisa kuti tsiku limene ndinawerengetsera zimenezi ndinakhala kanthawi ndithu ndikuyang'ana dzanja langa.

Poti mvula imeneyi sitingaibwereze m'chipinda, timaiyerekezera pa kompyuta. Ndinagwiritsa ntchito pulogalamu ya CORSIKA, imene inalembedwa ku Karlsruhe m'dziko la Germany. Imayendera njira ya Monte Carlo, imene ndimaifanizira ndi kuchita maere: pa kachidutswa kalikonse kompyuta imasankha mwamaere, motsatira malamulo a sayansi, kuti kagunda pati ndiponso kabala chiyani. N'chifukwa chake ma proton awiri amphamvu zofanana sabala mvula zofanana, ndipo munthu ayenera kuyerekezera mvula zambirimbiri asananene chilichonse.

Ndinasiya laputopu ikugwira ntchito usiku wonse m'chipinda changa ku Luwinga, m'nyengo yozizira ija ya June, ndipo m'mawa kuli nkhungu ndinapita kukaonetsa zotsatira kwa aphunzitsi anga ndili wokondwa. Iwo anayang'ana fayilo ya malangizo, osati zithunzi zanga, kenaka anandifunsa modekha kuti, "Kodi chipangizo chanu mwachiika kuti?" Ndinayankha kuti, "Konkuno ku Mzuzu, aphunzitsi." Anandilozera mzere umodzi. Ndinali ndisanasinthe manambala amene pulogalamuyo imabwera nawo, ndiye kuti usiku wonsewo ndinkayerekezera thambo la Karlsruhe, malo okwera mamita 110 okha kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ili pamtunda wopitirira mamita 1,200.

Kusiyanaku si kwakung'ono. Pamalo okwera mpweya wapamwamba pathu ndi wochepa, choncho tizidutswa tambiri, makamaka ma elekitironi, timafika tisanathere m'njira. Nkhani ya mphamvu ya maginito ya dziko ndiyo inandivuta koposa. Ife tili kufupi ndi equator, mzere wogawa dziko pakati, kumene mphamvuyi imabweza ma proton ofooka asanalowe n'komwe mumpweya, kotero kuti kusintha manambala a maginito m'pulogalamu sikunali kokwanira, ndinayeneranso kuchotsa ma proton ofookawo pa mndandanda wa tizidutswa toyambitsa mvula. Ndinazindikira apo kuti kompyuta sinandinamize, inayankha mokhulupirika funso limene ndinaifunsa molakwika.

Chatsala tsopano ndi kuyeza kwenikweni. Ku Pierre Auger Observatory, ku Malargüe m'dziko la Argentina, amayeza mvula imeneyi ndi matanki amadzi oposa 1,600 pamalo aakulu masikweya kilomita 3,000. Ine ndikufuna timatabwa tiwiri tokha ta pulasitiki ya scintillator, imene imathwanima muon ikadutsa, kamodzi pamwamba pa kanzake, kuti ndiziwerenga pokhapokha tonse tiwiri tathwanima nthawi imodzi. Ndikadzatipeza ndidzayamba ndi kutipendeketsa pang'onopang'ono, kuti ndione ngati chiwerengero chidzatsike monga mmene kompyuta yalosera pa thambo la Mzuzu.