Mwana wanu uja wavala nyota, zikomo nonse

Abale anga a kuno ku South Bend, ku America, ndi inu a kumudzi, mwana wanu uja wamaliza. Digiri watenga, ndipo walumbira kukhala Second Lieutenant, udindo woyambira wa maofesala, m'gulu la asilikali a America. Ndikulemba maso ali otupa ndi kulira.

Mukudziwa mmene tinatsalira bambo ake atatisiya. Fizi ya yunivesite kuno singatheke ndi malipiro a munthu wosamalira okalamba usiku ngati ine. Sikolashipu ya ROTC, pulogalamu yophunzitsa ana a yunivesite kuti adzakhale maofesala a asilikali, ndi imene inalipira sukulu, koma si yaulere ayi. Mwana amasaina kuti akamaliza adzakhala m'manja mwa asilikali zaka 8. Tsiku limene anasaina, tulo sindinatione.

Achimwene, amalume ake a mwanayu, kwa inu ndikusowa poyambira. Mumafika ndi thiraki usiku kuchokera kutali, koma mbandakucha muli kale pakhomo, chipale chitakwirira msewu, kudzamutenga kuti asachedwe kophunzira zolimbitsa thupi. Pamene mayeso othamanga mamailosi 2 anamukanika, iye n'kunena kuti basi akusiya, simunamukalipire. Munangovala nsapato n'kuyamba kuthamanga naye, ndi bondo lanu lovuta lija. Atapita ku maphunziro a usilikali otchedwa Advanced Camp ku Fort Knox, ku Kentucky, mwezi wathunthu ndi masiku m'kutentha kuja, foni ili zii, ndinu munkandiuza kuti achemwali idyani, mwana ali bwino. Ndiye musadabwe kuti pomuveka nyota ndinakukokani dzanja kuti phewa lina mumuveke ndinu. Bambo ake akanakhalapo akanachitanso chimodzimodzi.

Amayi a ku mpingo amene munkandisiyira ndiwo pakhomo, Mulungu akubwezereni mowirikiza. Ena munati ndagulitsa mwana kunkhondo chifukwa cha fizi, ndipo kuchokera pamenepo pakhomo panga simunapondepo. Ndinamva, ndipo zinandiwawa, chifukwa mantha amenewo ine ndimagona nawo kuposa inu.

Ambuye, mwamusunga zaka 4 zonsezi, musamusiye tsopano pamene akupita ku maphunziro ena a maofesala asanamupatse gulu loti alitsogolere. Ana a eni adzakhala m'manja mwake, m'patseni nzeru ndi mtima wofatsa.

Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi bwerani kunyumba, nsima ndi chambo zilipo. Achimwene, inu musayendetse thiraki tsiku limenelo, chonde, mpando wanu ndi woyamba.