Lachiwiri usiku, chikwama chili pakhomo

Malaiti apita cha m'ma 18 koloko, ndiye ndikulemba pa foni nditakhala pafupi ndi mbaula. Kuzizira kwa Julayi kwafika pachimake kuno ku Chipata. Mawa m'mamawa mwana wanga wachiwiri, wa zaka 6, akukagonekedwa m'chipatala, ndipo Lachinayi amchita opareshoni. Ali ndi chotupa m'mphechepeche chomwe adokotala akuti ndi heniya. Kathumbo kamatsikira pomwe sikayenera, makamaka akalira kapena akatsokomola, kenaka n'kubwerera kokha. Akuti si opareshoni yaikulu. Mutu wanga wavomera, koma mtima ukukanabe.

Tsiku layamba ndi mapepala. Ndawaika onse m'pepala lapulasitiki: kalata yomwe anatilembera kukiliniki potitumiza kuchipatala chachikulu, reji yanga (chitupa cha unzika), nambala ya NHIMA (inshuwalansi ya boma ya zaumoyo), ndi kadi ya ku sikelo yomwe inang'ambika m'mbali kalekale. Kadi imeneyi ndinatsala pang'ono kuitaya mwana atakwanitsa zaka 5, osadziwa kuti adzafunsa za katemera ndi za kulemera kwake. Za NHIMA ndiye ndichite manyazi pang'ono. Atate ake amadulidwa 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro, abwana awo n'kuwonjezerapo inanso, ndipo zakhala choncho kuyambira 2019. Ife tinkangoti popeza ndalama ikudulidwa, basi banja lonse lili m'kaundula. Sabata yatha ndi pomwe tinazindikira kuti mwana uyu sitinamulembetse. Cholakwa n'chathu, ndipo tinachikonza, koma zikanatipeza tili kale pa bedi bwenzi tikuthamangathamanga ngati nkhuku yodulidwa mutu.

Kuchipatala amubaya kachala kuyeza malungo, n'kutenganso magazi pamkono kuti aone ngati ali okwanira. Walira pang'ono, ndiye ndamugulira chitumbuwa panja. Anamwino andikhazika pansi n'kundiuza zinthu ziwiri zomwe ndazilemba kuseri kwa kalata. Choyamba, asatenge chifuwa kapena chimfine, chifukwa akayamba kutsokomola kapena kutentha thupi opareshoni akhoza kuisuntha. Chachiwiri, tsiku la opareshoni asadye kanthu kwa maola 6 asanalowe, ndipo nthawi yeniyeni yosiyira kudya ndi kumwa adzatiuza okha kuwodi. Ndinafunsa chifukwa chake, poti ine mwana wanjala sindimupirira. Anati munthu akagonekedwa ndi mankhwala, chakudya chomwe chili m'mimba chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Pamenepo ndinasiya kutsutsa.

Chomwe chandikhalira m'mutu tsiku lonse ndi mayi wina yemwe tinakhala naye pa benchi. Wachokera ku Vubwi, ali ndi kamtsikana kopindika mapazi, kakuyendera m'mbali mwa phazi, nsapato yosalowa. Anamuuza za chipatala cha Beit CURE ku Lusaka, komwe ana olumala motere amawathandiza popanda kulipira. Iye anangoseka mowawidwa mtima. "Chithandizo chaulere ndamva, amayi, nanga basi nayonso ndi yaulere?" Kuchoka kuno kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 500, ndipo ndalama yomwe anamanga pansonga ya chitenje inali yobwererera kumudzi basi. Ine ndinalibe choyankha. Amene anayankha ndi mayi wina wachikulire yemwe ankakolopa pakhonde. Anaimika chokolopera n'kunena kuti, "Pitani ku ofesi ya social welfare, mukafotokoze zonse osabisa. Amamvetsera, ndipo amaona pomwe angathandize." Anamulozera njira mpaka pokhotera. Ine zaka zonsezi ndikulowa ndi kutuluka pachipatalapo sindinkadziwa kuti khomo limenelo lilipo. Palibe amene amakuitanira, umachita kufunsa wekha, ndipo ambiri a ife timaopa kufunsa poopa kuoneka opemphetsa. Sindinamuonenso mayiyo potuluka.

Masana ndinadzera ku msika wa Kapata. Ndagula sopo, kandowa kokhala ndi chivindikiro, shuga, ndi mapatapata a mwana. Fulasiki ndabwereka kwa mlamu wanga. Bulangete ndatenga awiri, chifukwa aliyense amene anadwazikapo matenda m'nyengo ino wandiuza zofanana, kuti wodwala amagona pa bedi koma wodwazika amadzionera yekha, ndipo simenti ya m'bandakucha siidziwa kuti ndiwe mayi wa munthu. Ndalama yake yachokera ku chilimba. Mwezi uno sinali nthawi yanga yolandira, koma mnzanga wogulitsa salaula wavomera kuti tisinthane, iye adzalandire mu Sepitembala. Sanafunse zambiri, anangotumiza pa foni.

Cha m'ma 15 koloko kunabwera amayi atatu a Chigwirizano. Tinapemphera, kenaka anayamba kugawana masiku ngati akugawana mizere ya kumunda: uyu adzabweretsa nsima Lachinayi madzulo, uyu Lachisanu, wachitatu azidzaona ana otsala kunyumba ngati asamba ndi kupita kusukulu. Zimenezi sizilembedwa pa pepala lililonse la kuchipatala, komatu popanda izo sindikudziwa kuti mayi angagone bwanji kuwodi mtima uli m'malo. Kwa aphunzitsi ake ndatumiza uthenga kuti asamulembe kuti wajomba.

Nkhondo inali madzulo. Apongozi anafika dzulo kuchokera ku Katete kudzatsala ndi ana, ndipo iwo maganizo awo ndi akuti mwana sauzidwa zotere. "Mungomuuza kuti mukupita kukaona adokotala, basi. Mukamuuza za mpeni sagona." Ndinati, "Amayi, nanga akadzuka n'kupeza bandeji pamimba, adzandikhulupiriranso?" Anangoti, "Ana a masiku ano," n'kupitiriza kusenda nsawawa. Sindikuwanena. Iwo analera ana 7, ndipo m'nthawi yawo mawu akuti opareshoni ankamveka ngati kutsanzika. Komabe ine ndinamuitana mwanayo kuchipinda.

Ndinamuuza kuti mawa tikagona kuchipatala, ine ndi iye, ndipo sindidzachoka. Ndinati adokotala adzamupatsa mankhwala oti agone tulo tofa nato, adzakonza pomwe pamatupa paja iye osamva kanthu, ndipo akadzadzuka padzawawa pang'ono koma adzamupatsa mankhwala ena. Za mpeni sindinatchule, apongozi pamenepo anali ndi mfundo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa mafunso atatu. Adzamubayanso jakisoni? Ndinati inde, mwina pamkono. Adzadya chiyani? Ndinati m'mawa wa tsikulo sadya, koma pambuyo pake adzadya. Funso lachitatu ndi lomwe linandimaliza: "Nanga ndikagona osadzuka, mudzandidzutsa?" Ndinati ndidzakhala pomwepo, ndipo akadzatsegula maso adzayamba kuona ine. Mawu anatuluka bwinobwino, misozi ndinakaigwetsera kubafa.

Atatuluka anapita kwa ambuya ake n'kuwauza monyadira kuti Lachinayi sadya phala chifukwa adokotala aletsa. Apongozi anandiyang'ana, ine n'kuwafotokozera za chakudya cholowa m'mapapo chija, chifukwa ndikuwadziwa, akhoza kubwera kuwodi ndi kabakuli kobisa m'chitenje pomvera chisoni mdzukulu. Anati amva. Ndauzanso atate ake kuti akhale tcheru.

Tsopano onse agona. Atate ake apangana ndi wa takisi kuti afike 6 koloko. Pomwe ndimati ndione chikwama komaliza, ndapeza kuti pamwamba pa mabulangete pali galimoto yake ya mawaya, ija yamatayala a zitsekerero za mabotolo, ataikulunga bwinobwino m'malaya ake a kusukulu. Zipi ikukana kutseka. Ndachotsa chitenje changa chimodzi kuti galimotoyo ikwane.